Mbuzi ya Kukhoti ndi Dzino la Malume

Kusukulu ya zamano onse ankamutcha Wailesi, ndipo iye ankayankha mokondwa, poganiza kuti akumutama.

Anakulira m'nyumba ya malume ake, bambo wometa tsitsi. Mayi ake omubala atamwalira iye akadali wamng'ono, malumewo anamutenga, ndipo akazi awo anamulera ngati wawo, moti mpaka lero amawatcha Mayi. Malo ometerawo anali kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu, pakati pa wokonza njinga ndi mayi wosoka zovala. Munali mpando umodzi wozungulira, benchi la odikira, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi kalendala yakale imene sinkachotsedwa chifukwa inkabisa bowo la pakhoma. Akaweruka kusukulu, ntchito ya Wailesi inali kusesa tsitsi.

Malume anali ndi dzanja labwino, koma chimene chinkaitana anthu chinali pakamwa. Ankayamba kulankhula munthu asanakhale pansi, ndipo ankamuperekeza ndi mawu mpaka kuseri kwa msewu. Pa nkhani zawo zonse, imene mwanayo ankaikonda inali ya mbuzi ya kukhoti. Anthu awiri ankalimbirana mbuzi, woweruza n'kulamula kuti mbuziyo ibwere ngati umboni. Akuluakulu ali mkati mokangana, mbuzi inadya mapepala onse a mlandu, kenako inayamba mkanjo wa kalaliki. Nkhaniyi sinkabwera tsiku lililonse. Inkangotulukira pakati pa kumeta. Malume ankaima pang'ono, n'kuzunguza mpando kuti wometedwayo ayang'ane kubenchi, n'kufunsa kuti, "Kodi achimwene, ya mbuzi ija ndinakuuzani?" Munthuyo ankaseka mpaka misozi, makina akulira kunkhongo kwake, ndipo ankachoka ali wokondwa. Mathero a nkhaniyo Wailesi sanawamvepo, koma anatolapo phunziro limene analisunga mumtima: munthu amene wakhala pampando wa mnzake amafuna nkhani, ndipo nkhani yoposa zonse ndi ya mbuzi.

Atamaliza sukulu anagwira ntchito zaka zingapo m'sitolo yogulitsa mankhwala, mpaka mwini sitolo anamuuza kuti anthu akumachoka mutu ukuwawa kuposa mmene anabwerera. Analowa sukulu ya zamano ali wamkulu kale kuposa anzake ambiri. Dzanja lake linali lokhazikika ngati la malume ake, ndipo zimenezo palibe ankatsutsa. Koma chimene chinamukondweretsa, atayamba kuona odwala enieni, chinali china. Wodwala mano ndi womvetsera wabwino kuposa onse. Wagona chagada, kukamwa kuli yasa, m'kamwamo muli kagalasi, kapaipi koyamwa malovu ndi zala za munthu wina. Sangakudule mawu.

"Sizikupweteka, eti?" Wailesi ankafunsa.

"Aaa."

"Ndimadziwa. Tsono monga ndimanena paja..."

Gulu lokambirana linayambitsidwa ndi aphunzitsi awo aakulu, mayi wosaseka wamba. Tsiku lina anawauza kuti, "Mano mukuwadziwa. Eni mano simukuwadziwa. Muzikumana nokha mlungu uliwonse, wina azibwera ndi nkhani ya wodwala amene sanamvane naye, enanu muzimuthandiza. Dzina la wodwala lisatchulidwe. Ine sindizibwerako, chifukwa ndikakhalapo mumanama."

Ankakumana m'kachipinda ka kuseri kwa labu, m'mene munali ketulo ndi mashelefu odzaza zibwano zoumba zophunzirira, zonse zitawayang'ana mano ali pamtunda. Misonkhano yoyamba sinapindule kanthu. Wobwera ndi nkhani ankadziteteza mnzake asanamalize kulankhula, ndipo mpata wotsalawo ankautenga Wailesi. Amene anakonza zinthu anali Sisitala, mayi amene anakhala namwino zaka zambiri asanaganize zophunzira mano. Anabwera ndi paketi ya timathonje tija amaika m'masaya mwa odwala, n'kuika lamulo. Wobwera ndi nkhani afotokoze mwachidule. Akatero akhale pampando wapakati, Sisitala amuike thonje m'masaya onse awiri ndi pansi pa lilime, ndipo akhale choncho mpaka aliyense atalankhula.

"Odwala athu amatimvetsera m'kamwa muli thonje," anatero Sisitala. "Nafe tilawe."

Lamulolo linathandiza. Wailesi analiyamikira kwambiri, ndipo anatha theka la msonkhano akuliyamikira. Iye mwini anali asanakhalepo pampandowo, popeza, monga ankanenera, odwala ake onse ankagwirizana naye.

Kenako dzino la malume linayamba kupweteka.

Linali lakumbuyo, pansi, ndipo linali litabooka kalekale. Malume analipirira mpaka tsaya linayamba kutupa. Mayi atawakakamiza kupita kuchipatala, anavomera, koma anati m'kamwa mwawo simulowa dzanja la mlendo, koma la mphwawo Wailesi lokha. Aphunzitsi analola monyinyirika, malinga ngati iwo ali pafupi.

Ulendo woyamba malume anabwera atavala jekete. Mpando utatsitsidwa, Wailesi anaona kuti agwira m'mbali mwake mwamphamvu, mitsempha ili njo. Anawamvera chisoni. Analowetsa kagalasi, n'kugogoda dzinolo pang'ono ndi kachitsulo, n'kuima kuti aganize. Kenako anakumbukira mankhwala a mantha amene anaphunzira ali mwana.

"Malume," anatero mokoma, "ya mbuzi ija. Anthu awiri ankalimbirana mbuzi..."

Maso a malume anatong'oka. Anakankha dzanja la mphwawo, anatsika pampando usanakwezedwe n'komwe, n'kutuluka kansalu ka pachifuwa kali lendelende m'khosi.

Ulendo wachiwiri anabwera nawo Mayi, atawagwira pamkono ngati mkaidi. Anajambula dzinolo, ndipo jakisoni anapita bwino. Podikira kuti pachite dzanzi, Wailesi anaona kuti malume akukhudzakhudza mlomo wawo, umene kwa iwo unkamveka ngati wakula kufika pachifuwa. Anaganiza kuti ulendo uja nkhaniyo anaiyamba molakwika, choncho anaiyambira pakati, pamene mbuzi ikudya mkanjo wa kalaliki. Malume anamwaza maso pakhoma lonse, uku ndi uku, ngati akufunafuna chinachake. Sanachipeze. Anadzuka n'kupita, mlomo uli lende, Mayi akuwathamangira pambuyo ndi jekete.

Madzulo a tsikulo Mayi anaimba foni.

"Mwanawe, malume ako akuti wawawononga m'kamwa ndipo ukubisa."

"Ndawawononga chiyani, Mayi? Dzinolo sindinayambe n'komwe kulizula."

"Ndawafunsa. Akungoti iwo akudziwa. Tsono tamvera. Apangana ndi wa njinga uja kuti Loweruka, akatseka, awazula ndi pulayala."

"Wa njinga?"

"Akuti iye sabisa kanthu, chifukwa sadziwa kanthu."

M'mawa mwake Wailesi anaonetsa aphunzitsi chithunzi cha dzinolo. Iwo anachiyang'ana pa nyali, n'kuloza ndi cholembera. Mizu yake inali yokhota ngati mbedza.

"Pulayala ithyola apa," anatero. "Mizu itsalira, mafinya ali kale pansi pake. Kutupa kumeneku kukatsikira kukhosi, bambowa sadzafunanso dokotala wa mano. Mukumva zimene ndikunena?"

"Ndikumva. Koma ndinawafotokozera bwinobwino, ndinawasangalatsa..."

"Muli ndi gulu. Pitani nayo kumeneko."

Ndi mmene Wailesi anafikira pampando wapakati. Tsikulo m'kachipindamo munadzaza, ngakhale aja ankajomba anabwera, ena atakhala pa tebulo pakati pa zibwano. Kutsogolo kwenikweni kunakhala Mkwati, mnyamata amene anapatsidwa dzinalo chifukwa tsiku lililonse ankavala ngati akupita kukamangitsa ukwati, nsapato zonyezimira, tsitsi lometedwa mwaluso. Pambali pake panali Loya, mtsikana amene sankalola mawu kudutsa osawafunsa chitupa.

"Mwachidule, achimwene," anatero Sisitala, paketi ya thonje ili m'manja.

Wailesi anafotokoza za bambo wina wachikulire amene anathawa kawiri, ndipo tsopano akufuna kuzulidwa ndi wokonza njinga. Anati anachita zonse zofunika. Anawalonjera, anawakhazika bwino, ndipo ataona kuti akuopa anawauza nkhani yoseketsa ya mbuzi imene inadya mapepala kukhoti. Ankati ayambe kufotokoza za mbuziyo, koma Sisitala anali ataima kale patsogolo pake.

"Yasamulani."

Anaika thonje kumanja, kumanzere, ndi pansi pa lilime. Anayang'ana ntchito yake, n'kuwonjezera lina.

"Limenelo ndi la chiyani?" anafunsa Loya.

"La odwala ake."

Anayamba kukambirana. Wina anati bamboyo amaopa jakisoni. Loya anati ayi, jakisoni anabayidwa ndipo sanathawe, anathawa pambuyo pake. Wina anati mwina ndi fungo la mankhwala. Wina anati mwina anangotopa, popeza munthu akhoza kupirira dzino kapena Wailesi, koma osati zonse ziwiri. Onse anaseka, ndipo Wailesi anayesa kuyankha, koma chimene chinatuluka chinali "Aaa."

"Akuvomereza," anatero Loya. "Tsono funso langa ndi ili. Pa maulendo awiri onsewa, bambowa ananenapo chiyani ndi pakamwa pawo? Munkhani yonseyi ndamva mawu a dokotala okhaokha. Anawafunsa chimene akuopa?"

Wailesi anatukula dzanja.

"Tsitsani," anatero Sisitala. "Nthawi yanu sinakwane."

"Ndipo taonani," Loya anapitiriza, "kawiri konse athawa pamene mbuzi yalowa. Jakisoni anamupirira, chitsulo anachipirira. Mbuzi ndiye ayi."

Apa Mkwati anakonza kolala yake. Anati iye akufuna kuteteza mnzake, chifukwa nkhani ya mbuziyo ilibe vuto, ndi nkhani yabwino kwambiri. Iye mwini anaimva dzulo lomweli kwa mwini wake.

"Aise, malume ako aja unkatiuza kuti tizikametetsa kwa iwo, ndinapitako. Mdala ameneyo ndi katswiri. Tsaya lawo latupa, koma pakamwa sipatseka. Tili pakati pa kumeta anangoima, n'kundizunguza kuti ndiyang'ane anthu a pabenchi, n'kuyamba ya mbuziyo. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Pomaliza sanandionetse n'komwe kagalasi kakumbuyo, anati kasowa." Anatembenuka kuti auze a kumbuyo mmene mbuzi inayambira mkanjo wa kalaliki.

Atatembenuka choncho, nkhongo yake inaloza kwa Wailesi.

Kuseri kwa khutu lamanzere, pamene mwini mutu sangaone, panali chigamba choyera, chachikulu ngati chivindikiro cha botolo. Kuzungulira pake panali zizindikiro za munthu amene anayesa kusalaza, dzanja n'kumukanika.

Wailesi anachiyang'ana chigambacho. Kenako anaona kachipinda ka malume monga ankakaonera ali wamfupi, tsache lili m'manja. Anaona makina akuima, mpando ukuzunguzidwa kufulatira galasi, dzanja la malume likugwira mutu wa munthu kuti usacheuke. Ndipo anakumbukira chinthu chimene wosesa yekha ndiye akanachidziwa: tsiku la mbuzi, tsitsi pansi linkachuluka kuposa masiku onse.

Anadzuka. "Mmmm! Mmm!"

"Khalani pansi, achimwene."

"Mmm!" Analoza mutu wa Mkwati ndi manja onse awiri.

Loya anasuzumira, n'kugwira pakamwa. Sisitala anavala magalasi ake, anayang'ana chigambacho mofatsa ngati bala, n'kuyang'ananso Wailesi.

"Kodi bambo othawawo tsaya lawo latupa mbali iti?" anafunsa. "Ayi, musayankhe. Mayina sitimatchula muno. Ndingonena kuti ngati pali munthu amene amayamba ya mbuzi dzanja likaphonya, ndiye wina n'kumuyambira ya mbuzi chitsulo chili m'kamwa mwake, ine ndikanakhala iyeyo ndikanatulukira pawindo."

"Dzanja likaphonya pati?" anafunsa Mkwati.

Onse anagwa ndi phwete. Loya anatenga kagalasi ka mano m'thumba mwake, anakokera Mkwati pa zenera, n'kumuonetsa nkhongo yake pang'onopang'ono, kachidutswa kachidutswa, monga kagalasiko kamaonetsera. Mkwati anakhala pansi, n'kuphimba nkhongo ndi dzanja.

Sisitala anaona kuti aliyense walankhula, ndipo anachotsa thonje lija ndi kopanira. Gulu lonse linadikira chigumula cha mawu. Wailesi anapukuta pakamwa.

"Ndichite bwanji?" anafunsa.

Anamuuza, aliyense mawu ake. Akawafunse bambowo, ndipo akafunsa atseke pakamwa mpaka ayankhe. Asanagwire chilichonse azinena chimene akufuna kuchita. Apangane chizindikiro choimitsira. Loya anati akawapatse galasi. Mkwati anati akawauze kuti iye akubwera.

Loweruka masana Wailesi anapita kometera. Benchi linali lopanda munthu, zimene sanazionepo chiyambire. Malume anali atakhala pampando wawo wozungulira, tsaya lili ngati abisamo dzira. Pakhomo loyandikana, wa njinga ankawiritsa madzi m'chitini pa mbaula, zigwiriro za pulayala zikuonekera pamwamba.

"Dokotala wafika!" anakuwa wa njinga. "Musadandaule, bwana, ndikuiphika kaye. Ukhondo timaudziwa."

Malume anayang'ana mphwawo mwa m'mbali. "Ngati wabwera kudzanditenga, wataya nthawi."

"Ndabwera kudzameta, malume."

Wometa sakana mutu. Anadzuka, anamukhazika, anamumanga nsalu m'khosi molimbitsa kuposa mmene zimafunikira, n'kuyatsa makina. Wailesi anakhala chete. Makina analira, tsitsi linagwa, ndipo m'chipindamo munalibe mawu a munthu. Malume anamuyang'ana pagalasi kangapo.

"Wadwala?"

"Ayi, malume."

"Nanga bwanji uli duu ngati wadya ndalama za maliro?"

"Ndili ndi funso limodzi. Tsiku lija munkaganiza kuti ndalakwitsa chiyani?"

Anafunsa, n'kuluma lilime. Mawu ena anali atafola kale pakhosi, koma anawameza. Malume anazimitsa makina.

"Iweyo ndiye undiuze. Munthu sayamba ya mbuzi popanda chifukwa. Ulendo woyamba unagogoda, n'kuima, n'kuyamba mbuzi. Ndinati basi, wathyola lina. Ulendo wachiwiri unandibaya, mlomo n'kufa, iwe n'kuyamba mbuzi pakati, pa mkanjo penipeni. Ine pa mkanjo ndimafika pokhapokha ngati chigamba chafika pakhutu! Ndiyang'ane pakhoma, galasi palibe. Munalichotsa dala. Mphwanga, ine ndakhala ndikuima kumbuyo kwa anthu ndi chitsulo moyo wanga wonse, ndikudziwa zimene zimachitika kumeneko. Koma tsitsi limamera. Dzino silimera."

"Panalibe chimene ndinalakwitsa, malume. Mlomo umafa choncho ndi jakisoni, umadzuka wokha. Ndinayenera kukuuzani musanabayidwe."

"Unadzukadi," anavomera malume monyinyirika. "Nanga mbuzi?"

"Ine ndinkayesa kuti ndi yochotsera anthu mantha."

Malume anaika makina pansi. Kenako anayamba kuseka, dzino n'kuwabaya, n'kugwira tsaya, n'kusekabe.

"Zaka zonse zija, iwe unkasesa chiyani?"

Wailesi anawauza za mizu yokhota, za mafinya, ndi za kukhosi. Ananena mwachidule, mosakometsa, ndipo atamaliza anasiyira pomwepo. Malume anagwira tsaya lawo. Anayatsanso makina n'kupitiriza kumeta, nkhope ili yolingalira. Ali chakunkhongo, dzino linawabayanso, ndipo Wailesi anamva makina akulowa mozama ndi kamphepo kozizira pamalo amene sipayenera kuzizira.

Makina anaima. Dzanja la malume linagwira mpando kuti liuzunguze.

"Kodi mphwanga, ya..."

Wailesi anaponda pansi mwamphamvu, mpando sunasunthe. Maso awo anakumana pagalasi. Pakhomo, wa njinga anali ataima ndi chitini chake, akuonerera.

Malume anatsokomola. "Ndakuphonya kunkhongo kuno," anatero. "N'chachikulu ndithu. Tingometa mpala."

"Metani, malume."

"Sunakwiye?"

"Mwandiuza."

Anameta mpala. Akusasa nsalu, malume analankhula osayang'ana munthu. Anati abwera Lolemba, koma abwera ndi galasi lawo. Chilichonse chonyezimira chisanalowe m'kamwa mwawo, achione kaye ndipo auzidwe ntchito yake. Akatukula dzanja, zonse ziime. Ndipo akangomva za nyama iliyonse ya miyendo inayi, adzatuluka ndipo sadzabweranso.

"Nanga pulayala yangayi?" anadandaula wa njinga. "Ndawononga makala."

"Kamange nayo njinga," anatero malume.

Lolemba m'mawa anafika ndi kagalasi kakumbuyo kaja anauza Mkwati kuti kasowa. Mayi anakhala pampando wa pakona, jekete lili pamiyendo. Aphunzitsi anali kuseri kwa chotchinga, akuyang'anira wophunzira wina. Wailesi, kachisoti ka ntchito kakuterereka pa mpala, anaonetsa malume jakisoni, n'kunena kuti mlomo ufanso ndipo udzuka masana. Anaonetsa kachitsulo kogwedezera dzino ndi chopanira chozulira. Malume anachitembenuza m'manja n'kunena kuti sichikusiyana kwambiri ndi cha wa njinga. Wailesi anali ndi yankho lalitali pa zimenezo, koma anangoti, "Chikusiyana pang'ono."

Anagwira ntchito ndi mawu ochepa. Mumva kukankha, osati kupweteka. Tsopano ndikugwedeza. Mukamva phokoso musadabwe. Malume anagwira galasi lawo m'mwamba, akuona zala zokhazokha, koma ali okhutira.

Kenako panamveka kuti thyo.

Dzino linatuluka, koma Wailesi ataliyang'ana anaona kuti muzu umodzi watsalira. Anaima. Pagalasi laling'ono lija maso a malume anali pa iye, ndipo anali maso a munthu wodziwa bwino tanthauzo la dzanja limene laima. Wailesi anamva mbuzi ikukwera pakhosi pake, yonse, ndi mapepala ake ndi mkanjo womwe. Mapazi a malume anayamba kufunafuna pansi.

"Malume," anatero, "muzu umodzi wathyokera mkati. Ndi uja wokhota ndinakuuzani. Onani, apa pakusowa. Ndiitana aphunzitsi, tiuchotsa lero lomwe. Titenga nthawi pang'ono."

Malume anatukula dzanja. Wailesi anachotsa zonse m'kamwa n'kubwerera m'mbuyo, monga anapanganira. Mayi anagwira jekete, kukonzekera liwiro. Malume anatenga dzinolo, analiyang'ana mbali zonse, anapeza pothyokapo, n'kulibweza.

"Ndiye itana," anatero ndi mlomo wakufawo. "Ukudikira chiyani?"

Anagonanso n'kuyasamula okha.

Aphunzitsi anabwera, anayang'ana, n'kuima pambali akulangiza, ndipo muzuwo anauchotsa Wailesi mwini. Atatsuka pabalapo anaika thonje, n'kuuza malume kuti alilume ndipo asalankhule kwa theka la ola. Mayi anafunsa aphunzitsi ngati mankhwala amenewo angaperekedwe mlungu uliwonse. Aphunzitsi sanaseke, koma anatenga timathonje tingapo n'kuwaikira m'kachikwama.

Kutupa kunaphwa mlungu womwewo, ndipo benchi linayambanso kudzaza. Woyamba kukhalapo anali Mkwati, chipewa chili kumutu. Malume anamuyang'ana kunkhongo, anapukusa mutu, n'kufunsa kuti ndi ndani anamuchita zoterezi. Nayenso anachoka ndi mpala, ndipo kwa kanthawi gulu lija linali ndi mitu iwiri yonyezimira.

Kunena kuti Wailesi anasanduka munthu wofatsa kungakhale kumunamizira. Anamaliza sukulu, ndipo amagwira ntchito pa kachipatala kena komwe anamwino amadziwa kuti wafika asanamuone. Amalankhula m'khonde, amalankhula posamba m'manja, ndipo odwala ena amatuluka makutu akulira. Koma amafunsa mafunso ake m'kamwa mwa munthu musanalowe kanthu, pambali pa mpando pamakhala kagalasi ka m'manja, ndipo dzanja lake likaima amanena chifukwa chake. Anzake a gulu lija amakumanabe mwa apo ndi apo, ndipo paketi ya thonje imayendabe ndi Sisitala.

Loya yekha ndiye sanakhutire. Anati sangagone bwino osadziwa kuti mlandu wa mbuzi unatha bwanji, popeza mapepala anadyedwa ndipo umboni ndi umene unawadya. Anatuma Wailesi kuti akafunse. Malume anali pakati pa kumeta bambo wina wonenepa pamene funsolo linafika.

"Mathero?" anatero. "Ine ndiwadziwa bwanji? Chigamba chikasalala, nkhani yatha."

Bambo wonenepayo anatukula mutu pansi pa nsalu. "Nkhani yanji imeneyo?"

"Palibe, achimwene," anatero malume, akuuwongolera mutuwo kugalasi. "Inu pemphererani kuti musadzaimve."